Ulendo wa pa campervan koma milatho imandiopsa: njira ndiikonze bwanji?

Nangozo

Moni nonse. Ine ndi amuna anga tikukonza ulendo wautali wa pa campervan, galimoto zija zokhala ndi pogona ndi pophikira momwemo. Tidzachita kubwereka, ndipo tonse tili ndi laisensi, choncho tizidzasinthana kuyendetsa. Vuto ndi lakuti milatho ikuluikulu imandiopsa koopsa. Timilatho ta pa timitsinje ndilibe nato vuto, koma mlatho ukakhala wautali kapena wam'mwamba, mtima umathamanga, manja amachita thukuta, ndipo ndimaona ngati chiwongolero chindipulumuka. Kopita sitinagwirizane kwenikweni, mwina kumadzulo ndi kumpoto kwa Europe, mwina kugombe la kum'mwera kwa South Africa. Kodi pali njira yodziwiratu milatho yonse ya pa msewu tisananyamuke, ndipo GPS ingauzidwe kuti iipewe? Nanga campervan imachita mosiyana bwanji ndi galimoto yaing'ono pa mlatho? Ndipo mantha akandigwira ndili pakatikati, ndichite chiyani?

Mlozanjira

Mayi Nangozo, ndiyambe ndi za mapu. Google Maps imakulolani kupewa zinthu zitatu zokha: misewu yolipira, misewu ikuluikulu, ndi zombo zowolotsa galimoto. Batani la milatho palibe. Ena amasankha kupewa misewu yolipira poganiza kuti milatho ikuluikulu yonse ndi yolipira, koma sizili choncho. Milatho iwiri yowoloka mtsinje wa Severn pakati pa England ndi Wales inasiya kulipiritsa mu Disembala 2018, ndipo Queensferry Crossing ya ku Scotland ndi yaulere. GPS idzakukwezani pamenepo osakuchenjezani.

Chomwe chimathandiza ndi mapu a OpenStreetMap, chifukwa kumeneko chigawo chilichonse cha msewu chomwe chili pa mlatho chili ndi chizindikiro chake. Pa GraphHopper Maps, yomwe imagwiritsa ntchito mapu amenewa, pali bokosi la custom model, lolembamo malamulo anu osankhira njira. Mmenemo mumalemba lamulo lakuti road_environment (mtundu wa malo omwe msewu ukudutsa) ikakhala BRIDGE, kutanthauza mlatho, priority (mulingo womwe pulogalamuyo ikondere msewuwo) ichulukitsidwe ndi 0.1 kapena 0.2. Musaike 0. Mukaika 0, pulogalamuyo imalephera kupeza njira, kapena imakuzungulitsani kutali chifukwa cha kamlatho ka mamita ochepa kodumpha ngalande. Nambala yaing'ono ija imachita bwino chifukwa chilango chake chimakula ndi kutalika kwa mlatho: waufupi imaulola, wautali imauzemba ngati njira ina ilipo. Koma kuya kwa phompho siikudziwa, ndiye ntchito ya maso anu ikadalipo.

Njira ikatuluka, itsatireni yonse pa chithunzi cha satellite, mukuyang'ana paliponse pomwe msewu ukudumpha mtsinje waukulu, nyanja kapena chigwa. Pamenepo lowani mu Street View, zithunzi za Google zoonetsa msewu ngati muli momwemo, muwoloke mlatho wonse kulowera mbali yomwe mudzalowere, chifukwa mlatho womwewo umaoneka mosiyana popita ndi pobwerera. Lembani m'kope kutalika kwake, maleni angati, mpanda wa m'mbali ndi wa simenti wotseka kapena wa zitsulo zooneka kunja, ngati umakwera chitunda mpaka kutsogolo osaonekako, ndi potulukira pomaliza musanaufike. Ichi chomalizachi n'chofunika kuposa zonse. Pa misewu ikuluikulu mukadutsa potulukira pomaliza, kubwerera kulibe.

Werengeraninso nthawi, osati mamita okha. Pa liwiro la makilomita 80 pa ola, galimoto imayenda mamita pafupifupi 22 pa sekondi. Mlatho wa Bloukrans pa msewu wa N2 ku South Africa uli mamita 216 pamwamba pa mtsinje, koma ndi wautali mamita 451 okha, kutanthauza masekondi 20. Millau ku France ndi mamita 2,460, mphindi ziwiri zosakwana. Øresund pakati pa Denmark ndi Sweden ndi mamita 7,845, mphindi pafupifupi zisanu ndi imodzi. Imeneyi ndi milatho yamitundu yosiyana, ndipo munthu angathe kupirira wina n'kulephera wina.

Chenjezo langa lalikulu: njira yolambalala nthawi zina imaipa kuposa mlatho. Kuti muzembe Millau mumatsika pa msewu waukulu wa A75 n'kudzera m'tauni ya Millau pa D809, kenako n'kukwera phiri la makona kupita ku La Cavalerie, ndi galimoto yolemera matani atatu. Komanso pa A75 pomwepo, chakumpoto pang'ono, pali mlatho wina wam'mwamba wa Verrières womwe anthu saukamba. Ku Tsitsikamma, dera lomwe kuli Bloukrans, n'chimodzimodzi: Bloukrans suli wokha, pali Groot River, Bobbejaans River ndi Storms River pa N2 yomweyo, ndipo msewu wakale wa Bloukrans Pass wakhala wotsekedwa kwa zaka zambiri. Kuizemba yonse ndiye kudzera R62 m'chigwa cha Langkloof, ku Joubertina ndi Kareedouw, koma mukatero gombe lonse lija lomwe munapitira simuliona.

Mukakhutira ndi njira, ikhomereni ndi malo oima ambiri pa GPS, makamaka pafupi ndi mlatho womwe mukuuzemba. Mukaika poyambira ndi pothera pokha, GPS ikaona kuti kutsogolo kwadzaza galimoto imasintha yokha njira, ndipo yachidule nthawi zambiri ndi ya pa mlatho womwewo.

Chiwongolero

A Mlozanjira afotokoza bwino za njira. Ine ndikambe za galimotoyo, chifukwa pali zinthu ziwiri zomwe zimasintha mukachoka m'galimoto yaing'ono.

Choyamba ndi mpando. M'galimoto yaing'ono maso anu amakhala cha pa msinkhu wa mpanda wa mlatho, ndiye mpandawo umakubisirani phompho. Mu campervan mumakhala pamwamba, maso amadumpha mpanda n'kuona madzi kapena chigwa. Choncho mlatho womwe munawoloka bwinobwino pa galimoto yaing'ono ungakudzidzimutseni. Kamera ya Street View nayo imakhala padenga la galimoto, ndiye zomwe mukuona pamenepo zikufanana kwambiri ndi zomwe mudzaone muli m'campervan.

Pali chinanso chomwe anthu sachiganizira. Dalaivala amakhala mbali ya pakati pa msewu, wokwera naye ndiye amakhala mbali ya mpanda. Mukapatsa bambo chiwongolero inu n'kukhala pambali pawo, mwadziika pafupi kwambiri ndi phompho. Ngati galimoto ili ndi mpando wakumbuyo wokhala ndi lamba, khalani pamenepo, mutseke katani ya mbali ya kunja. Pabedi ayi, galimoto ikuyenda aliyense akhale womanga lamba. Ndipo mukatenga galimoto ya ku England n'kuwoloka nayo kupita ku France, zimatembenuka: dalaivala ndiye amakhala kumpanda. Kwa inu ndi bwino kubwereka galimoto m'dziko lomwe mukayendemo.

Chachiwiri ndi mphepo, ndipo apa mantha anu ali ndi pogwira penipeni. Campervan ya mamita 6 m'litali ndi mamita 2.7 msinkhu ili ndi mbali yaikulu kuposa kawiri ya galimoto wamba, imagwira mphepo ngati thanga la ngalawa. Mphamvu ya mphepo imakula mofulumira kuposa liwiro lake: liwiro likawirikiza kawiri, kukankha kwake kumawirikiza kanayi. Pa mlatho palibe mitengo kapena nyumba zotchinga. Koma chovuta si mphepo yowomba mosalekeza, chifukwa imeneyo manja amaizolowera msanga. Chovuta ndi pomwe imaduka n'kubweranso, monga podutsa nsanamira zikuluzikulu za mlatho kapena thiraki ikamakupitirirani. Mphepo ikaduka inu mukukankhabe chiwongolero kulimbana nayo, galimoto imasendera mbali yomwe mphepo imachokera, kenako ikabwerera imakukankhani mbali inayo. Mankhwala ake ndi kuyembekezeratu kuti zichitika, manja onse awiri pa chiwongolero, kukonza pang'onopang'ono, osagwedeza.

Poona zanyengo musaone liwiro wamba la mphepo, onani la mphepo yowomba mwadzidzidzi, lomwe mapulogalamu monga Windy amalilemba padera. Kwa munthu wamantha pa campervan, malire anga ndi awa: pansi pa makilomita 40 pa ola wolokani, kuyambira 40 mpaka 55 ayendetse winayo, kupitirira apo dikirani. Si malire okokomeza. Ku Mackinac Bridge ku Michigan, m'dziko la America, mphepo ikafika mamailosi 35 pa ola, omwe ndi makilomita pafupifupi 56, galimoto zazitali zimachita kuperekezedwa. Ubwino wa campervan ndi wakuti kudikira sikuvuta, nyumba muli nayo pomwepo. Kawirikawiri m'mamawa mphepo imakhala yochepa ndipo galimoto sizichuluka.

Milatho ina yatsopano ili ndi zotchinga mphepo. Millau uli ndi zotchinga za mamita atatu, Queensferry Crossing nawonso uli nazo, ndipo pa Severn mlatho wa M4 uli nazo pomwe wakale wa M48, wa 1966, umatsekedwa kawirikawiri kukachita mphepo. Pakakhala kusankha, sankhani wokhala ndi zotchinga ngakhale utakhala wautali.

Za katundu: zolemera zonse zikhale pansi, pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo. Makabati am'mwamba ndi a zovala basi. Padenga pasakhale kanthu. Thanki ya madzi ikhale yodzaza kapena yotsala pang'ono kutha, chifukwa madzi a theka amakhavukira uku ndi uku, koma kumbukirani kuti malita 100 ndi makilogalamu 100, ndipo galimoto zambiri zobwereka malire ake ndi makilogalamu 3,500. Mpweya wa matayala ukhale wa galimoto yolemedwa monga alembera pachitseko. Matayala akumbuyo akachepa mpweya, galimoto imayendayenda kumbuyo, ndipo munthu wamantha amaganiza kuti manja ake ndiwo akulephera.

Powoloka penipeni, tsitsani liwiro musanafike, osati muli pamwamba. Lowani giya yomwe ikwere chitunda chonse osasintha. Leni yoyenda pang'onopang'ono ndi ya kumpanda, koma musathawire leni yothamanga chifukwa cha zimenezo, kumeneko a kumbuyo adzakupanikizani. Pa mlatho wa maleni atatu mbali imodzi, ya pakati ndi yabwino ngati mukuyenda liwiro la anzanu. Pezani thiraki yoyenda mwaulemu muitsatire, mutasiya mpata wa masekondi anayi, maso ali kumbuyo kwake. Chiwongolero chimatsata maso, ndiye mukayang'ana mpanda mudzasendera kumpanda.

Nasibeko

Anzanga, zonsezi ndi zoona, koma pamodzi ndisiyane nanu pang'ono. Tikathandiza mayiwa kuzemba mlatho uliwonse, ulendo uno uyenda, koma mantha adzabwerako atakula. Nthawi iliyonse munthu akazemba chomwe amaopa, mtima umakhala pansi nthawi yomweyo, ndipo ubongo umaphunzira kuti kuzembako ndiko kwamupulumutsa. Mawa lake mlatho wocheperapo umayamba kuopsa nawonso. Ambiri omwe masiku ano sangawoloke ngakhale kamlatho kodumpha msewu wina anayamba ndi kuzemba waukulu umodzi.

Mayi Nangozo, milatho ija yomwe mulembe m'kope, iliyonse muipatse nambala kuyambira 0 mpaka 10 molingana ndi mantha omwe mukumva mukamaiona pa Street View. Ya 8 kupita m'mwamba izembeni kapena ayendetse bambo, popanda manyazi. Ya 4 mpaka 7 ndiyo yanu yophunzirira, ndipo muikonze kuti yosavuta ibwere masiku oyambirira. Musananyamuke, pezani mlatho wa 4 kapena 5 kufupi ndi komwe muli, muuwoloke popita ndi pobwerera mobwerezabwereza tsiku limodzi mpaka nambala itsike ndi theka, kenako mubwereze masiku ena musanakwerere wina. Kuwoloka kamodzi mutaluma mano n'kuthawa sikuphunzitsa kanthu. Chimene chimaphunzitsa ndi kubwereza mpaka thupi litope nako kuopa. Imeneyi ndiyo njira yomwe akatswiri a maganizo amagwiritsa ntchito pa mantha amtunduwu, ndipo katswiri wa ku Sweden, Lars-Göran Öst, anaonetsa kuti ambiri amathandizika ngakhale ndi chigawo chimodzi cha maola pafupifupi atatu chotsogozedwa ndi wodziwa. Ngati mwatsala ndi miyezi ingapo, kuonana ndi katswiri wotere kungapindule kuposa mapu onse.

Za mantha okugwirani muli pakati. Chizungulire, dzanzi m'zala ndi kumva ngati zinthu zili patali zimabwera chifukwa chopuma mofulumira, zomwe zimachepetsa mpweya wa carbon dioxide m'magazi. Kukoka mpweya wambiri kumangowonjezera vutolo. Chofunika ndi kutulutsa pang'onopang'ono: kokani mukuwerenga mpaka 4, tulutsani mukuwerenga mpaka 6, ndipo muyambe zimenezi musanafike pa mlatho. Ambiri amaopa kukomoka, koma pa mantha otere kukomoka sikuchitikachitika, chifukwa magazi amathamanga kwambiri, pomwe kukomoka kumabwera akatsika. Kulankhula mokweza kumathandiza, chifukwa munthu sangalankhule akupuma mwaphuma. Nenani zomwe mukuona: liwiro langa ndi ili, thiraki ili apo, nsanamira yoyamba yadutsa.

Gwirizanani ndi bambo zochita musanafike. Iwo aziwerenga masekondi otsala, kapena azikufunsani mafunso osavuta. Asanene kuti musaope, ndipo asakuonetseni kukongola kwa kunja. Musaime pa mlatho, pokhapokha galimoto itawonongeka. Kuima kumatalikitsa nthawi yomwe muli pamwamba, pa milatho yambiri n'koletsedwa, ndipo ngozi yeniyeni ili pa kugundidwa kumbuyo. Ngati zavuta kwambiri, tsitsani liwiro pang'ono, yatsani mahazadi, pitirizani.

Mapiritsi ogonetsa mtima monga diazepam musamwe kuti muyendetse. Amachedwetsa manja ndi maganizo, m'mayiko ambiri angakupezetseni mlandu, komanso amasokoneza kuphunzira komwe tikufunaku. Khofi wambiri, njala ndi kusagona zimautsa mtima, ndiye mlatho wovuta ukhale woyambirira pa tsiku, osati madzulo mutatopa. Ndipo ngati chizungulire chimakugwiraninso kwina, monga potembenuza mutu kapena podzuka, kaonaneni ndi dokotala ayeze makutu ndi maso, chifukwa limenelo ndi vuto lina.

Nangozo

Zikomo kwambiri nonse. Ndayesa kuona milatho ingapo pa Street View monga mwanenera, ndipo ndazindikira kuti kutalika kwa phompho sikundivuta kwambiri ngati msewu uli wathyathyathya. Yomwe ikufika 9 ndi yokwera chitunda pamwamba pa madzi, yomwe kutsogolo sikuoneka. Tikasankha Europe tikufuna tikafike ku Sweden. Kodi zombo ndi misewu yapansi panthaka zingatithandize kuzemba yotereyi?

Wapadoko

Mayi, zimene mwapezazo zachepetsa ntchito ndi theka. Milatho yokwera chitunda imamangidwa choncho kuti sitima zizidutsa pansi, ndiye muisake pomwe msewu ukuwoloka pakamwa pa mtsinje waukulu, padoko kapena pa ngalande ya sitima. Ku France, Pont de Normandie pa mtsinje wa Seine pafupi ndi Le Havre ndi wotero, Pont de Saint-Nazaire pa Loire ndi wotero. Lamulo lake ndi losavuta: lowerani kumtunda kwa mtsinje, komwe sitima zikuluzikulu sizifika, milatho imakhala yotsika ndi yaifupi. Pa Seine mungawolokere m'kati mwa mzinda wa Rouen, pa Severn mungazungulire ku Gloucester. Millau ndi Bloukrans, poti ndi yathyathyathya, mwina kwa inu ili m'gulu lophunzirira lija la a Nasibeko.

Za Sweden, samalani, chifukwa apa chombo chimodzi chimakuzembetsani mlatho wina n'kukupatsani ina. Njira ya pamtunda kudzera ku Jutland, chigawo cha Denmark cholumikizana ndi Germany, ili ndi mlatho wa Rader Hochbrücke pa A7 wowoloka Kiel Canal ku Germany, kenako ku Denmark wa Little Belt, kenako wa Great Belt womwe mbali yake ya kum'mawa ndi mamita 6,790 ndipo umakwera kwambiri, kenako Øresund. Ambiri amati kwerani chombo cha Puttgarden ku Germany kupita ku Rødby ku Denmark, cha mphindi 45. Koma kuti mufike ku Puttgarden muwoloka mlatho wa Fehmarnsund, ndipo mukatsika ku Rødby mukumana ndi milatho ya Farø musanafike pa chilumba cha Copenhagen. Chombo cha Helsingør ku Denmark kupita ku Helsingborg ku Sweden, cha mphindi 20, chimangokuchotserani Øresund wokha. Njira yoyera ndi kudumpha Denmark yonse: chombo chochokera ku Germany kupita ku Sweden, monga Rostock kapena Travemünde kupita ku Trelleborg, kapena Kiel kupita ku Göteborg. Ngati mukufunanso kuona Copenhagen, siyani galimoto ku Malmö muwoloke pa sitima ya pamtunda.

Pogula malo m'chombo amafunsa kutalika ndi msinkhu wa galimoto. Yezani nokha ndi tepi, kuphatikizapo chonyamulira njinga kumbuyo ndi chilichonse cha padenga, musadalire pepala la kampani. Mukalemba zochepa angakulipiritseni zowonjezera kapena kukusiyani padoko ngati malo a galimoto zazitali adzaza. Gasi amafuna atatsekedwa pa silinda penipeni, ndiye firiji yoyendera gasi imakhala yozima ulendo wonse. Iziziritseni kwambiri usiku wake ndipo musaitsegule. Pa zombo zing'onozing'ono za pa mitsinje, onani kulemera komwe amalola, komanso polowera. Campervan yokhala ndi mchira wautali kuseri kwa matayala akumbuyo imakhula pansi polowera pakakhala potsetsereka, ndipo choyamba kuthyoka ndi paipi ya madzi otayidwa kapena popondera. Lowani mopingasa pang'ono, pang'onopang'ono. Muonetsetsenso kuti chombocho chikuyendabe, chifukwa mlatho ukamangidwa chombo chimasiya. Ku Kazungula pa Zambezi, pantoni inalowedwa m'malo ndi mlatho wa mamita 923 womwe unatsegulidwa mu 2021, koma nkhani zakale pa intaneti zimatchulabe pantoni.

Misewu yapansi panthaka imathandiza, koma ili ndi misampha iwiri. Woyamba ndi wakuti ina ndi ya mbali imodzi. Ku Dartford pa mtsinje wa Thames, kum'mawa kwa London, opita kumpoto amadutsa pansi, obwerera kum'mwera amakwera mlatho wa Queen Elizabeth II, womwe ndi wachitunda ndithu. Pobwerera zungulirani London chakumadzulo pa M25. Wachiwiri ndi gasi. LeShuttle, sitima yonyamula galimoto yodutsa pansi pa nyanja ya English Channel pakati pa England ndi France, imalola silinda ya gasi wophikira mpaka makilogalamu 47, kapena 50 zonse pamodzi zikakhala zingapo, zotsekedwa, koma galimoto yomwe injini yake imayendera gasi siilola. Ku Baltimore ku America, misewu yapansi pa doko imakana silinda yoposa mapaundi 10, omwe ndi makilogalamu 4.5. Onaninso msinkhu wololedwa, ndipo nambala ya msinkhu wa galimoto yanu muilembe pa pepala mumate pafupi ndi chiwongolero.

Chiwongolero

Ndiwonjezere za kusinthana. Poti mukubwereka, nonse awiri mulembedwe pa mgwirizano ngati madalaivala, apo ayi inshuwalansi sigwira ntchito winayo akakhala pa chiwongolero. Izi zikukhudzanso milatho yomwe ili ndi anthu okuyendetserani galimoto, monga Mackinac komwe ogwira ntchito pa mlathowo amachita zimenezi, ndi Chesapeake Bay Bridge ku Maryland komwe ndi makampani apadera. Funsani obwereketsa ngati amalola munthu wotero kugwira galimoto yawo, ndipo yankho likhale lolembedwa.

Posinthanirana pakhale malo opumira kapena pothirira mafuta, osati m'mbali mwa msewu waukulu. M'kope muja, pambali pa mlatho uliwonse wa 8 kupita m'mwamba, lembani malo awiri otere musanaufike, chifukwa oyamba angakhale otsekedwa kapena odzaza mathiraki. Bambo nawonso akhale atayendetsapo campervan imeneyo pa msewu waukulu ndi pa mphepo masiku oyambirira, kuti tsiku la mlatho lisakhale loyamba iwo kuigwira.